Tsiku limene ndinatulutsa a Pulofesolo panja

Ana anga, mumandiseka mukandipeza m'mawa nditakhala pa chiguduli chopinda kuseri kwa nyumba, msana uli njo, maso otsinzina. Mmodzi wa inu, Luwiza, anandionetsa pa foni yake anthu akunja atakhala chimodzimodzi, nati dzina lake ndi yoga. Dzinalo ndinalimva iye asanabadwe. Ndalemba mutu uno kuti mudziwe kumene ndinatenga kakhalidwe kameneka, komanso za mayi wina amene anatsala pang'ono kufera m'manja mwanga chifukwa cha ulemu, wake ndi wanga.

Chaka choyamba pa ntchito, mvula itangosiya

Ntchito yanga yoyamba inali pa kaposito ka zaumoyo, kachipatala kakang'ono, m'midzi ya ku Chidzolomondo, zaka zochepa titabwerako kothawa nkhondo. Ndinalembedwa ngati serevente, ndiye kuti wothandiza namwino. Ndinkasesa, kutunga madzi, kuwiritsa masingano mumphika, kupachika ana pa sikelo ndi kuitana maina a odwala. Sindinaipeze ndi nzeru zanga ntchitoyo. Amene anandilembera kalata yondichitira umboni anali a Pulofesolo Damiyano, mphunzitsi amene anandiphunzitsa kuwerenga pansi pa mtengo. Anali munthu wamtali, wosaseka, wa mawu omveka kutsidya kwa dambo. Ndiwo anatiphunzitsa kuti mwana wa mwambo sayang'ana wamkulu m'maso, amawerama, amadzichepetsa mpaka achepedi. Pa ana onse ine ndiye ndinagwiritsa phunziro limenelo. Pondipatsa kalatayo anati, "Venansio, m'kalatamu muli dzina langa. Ukalidetsa, ndidzapita ndekha kuboma ku Furancungo kukalichotsa." Ndinailandira ndi manja awiri nditagwada, ndipo mawuwo anandiperekeza tsiku lililonse popita ku ntchito.

Mkulu wanga anali namwino, a Dona Selesitina, mayi wochokera kumunsi cha ku Beira. Chichewa chawo chinali chopindika koma chakuthwa. Tinalipo awiri basi pa posito yonse: zipinda ziwiri, benchi, bedi limodzi loberekera, ndi khonde. Mankhwala ankabwera m'bokosi, ndipo bokosilo linkatha linzake lisanafike, pakuti msewu unali woipa ndipo galimoto zinali zosowa. Ine ndinkaopa chilichonse. Ndinkaopa kuswa botolo, ndinkaopa kuitana dzina la munthu wamkulu molakwika, ndinkaopa a Dona ngakhale sanandikalipirepo.

Tsiku lina ndikuwapatsira mbale ya masingano anandifunsa kuti, "Wataya chiyani pansipo?"

"Palibe, a Dona."

"Nanga ukufunafuna chiyani? Miyezi iwiri tsopano, nkhope yako sindikuidziwa. Ndikudziwa liwombo lokha. Ukadzasowa, ndidzauza apolisi kuti afunefune liwombo."

Ndinaseka pang'ono, mutu uli chiweramire.

Chaka chomwecho, miyezi yozizira

Kuzizira kutayamba, anthu a zifuwa anachuluka. Oopsa kwambiri anali a mphumu. Munthu amabwera nthiti zikukoka, m'chifuwa mukulira ngati mwana wa mphaka, maso atatuluka. Jakisoni wake tinkakhala naye wochepa, ndipo a Dona ankamusunga m'thumba la yunifolomu yawo. Madzulo ena odwala atatha, anandiitana m'chipinda, napinda chiguduli kanayi, nachiika pansi.

"Khala apa. Tsiku lina ndidzakhala kulibe, jakisoni kulibe, iwe ulipo. Ukadzangoyang'ana pansi munthu adzafa."

Anandiuza kuti zimenezi ndi yoga, ndipo anaziphunzira kwa dokotala wina wachimwenye, mayi, pamene ankaphunzira unamwino. Kwawo kwa mayiyo anthu amaphunzira kupuma monga ife timaphunzirira kulima, ndipo phunziro loyamba si kupumako ayi, koma kukhala. Ukhale kumapeto kwa chigudulicho kuti matako akwere kuposa mawondo, chifukwa ukakhala pansi penipeni chiuno chimagwera kumbuyo ndipo msana umapindika wokha. Miyendo uipinde momasuka, osaikakamiza. Amene miyendo ikumuvuta, kapena mayi amene sangaipinde pamaso pa anthu, akhale m'mphepete mwa benchi, mapazi onse atapondetsa pansi. Manja pa mawondo. Mapewa agwe, asakwere kumakutu. Chibwano chisaloze kumwamba, chisagwerenso pachifuwa. Ukatero mpweya umapeza njira mpaka kumchombo. Kenako ukoke ndi mphuno powerenga m'Chipwitikizi mpaka quatro, zinayi, ndi kutulutsa pang'onopang'ono mpaka seis, zisanu ndi chimodzi.

Ndinayesa. Msana unawongoka kamphindi, kenako unabwerera kwawo.

"Wongoka."

"Ndawongoka, a Dona."

"Wawongoka ngati chikwakwa. Amayi ako amasenza bwanji ndowa yodzaza? Amawerama?"

"Iyayi, madzi angatayike."

"Senza ndowa, ndiye."

Nditaganiza za ndowa pamutu, khosi linatalika lokha, mapewa anagwa, chifuwa chinatseguka. Koma maso anga anapezeka ali pa nkhope ya a Dona, ndipo ndinachita manyazi ngati ndawatukwana. Kukhala chotero pamaso pa wamkulu, kwa ine unali mwano. Iwo anangoti, "Eya, uli ndi mphuno. Sindinkadziwa." Kenako anandichenjeza, ndipo inunso mumve: "Amenewa si mankhwala. Munthu wa mphumu amafuna jakisoni. Kukhala bwino ndi kupuma mosathamanga kumangomuthandiza kudikira. Chachikulu, usadzamugoneke. Anthu akuno akaona wodwala amathamangira mphasa. Wobanika sagonekedwa."

Kuyambira pamenepo ndinkayeserera m'mawa uliwonse anthu asanabwere, chitseko chotseka, poopa kuti wina angandione n'kukanena kutchalitchi kuti mnyamata wa ku posito wayamba kupembedza zachilendo.

Chaka chachiwiri, nthawi yosankha fodya

Linali Lachitatu. Jakisoni wa mphumu anali atatha sabata yapitayo, ndipo a Dona anakwera mota, njinga yamoto ya munthu wina wamalonda, kupita ku Furancungo kukatenga bokosi. Anati abwera dzuwa likapendeka. Anandisiyira kiyi ndi mawu akuti zilonda nditsuke, zina zonse zidikire.

Dzuwa lisanafike pamutu ndinamva ngolo ikubwera mothamanga. Woyendetsa anali a Pulofesolo Damiyano eniake. M'ngolomo munali mpongozi wawo, mkazi wa mwana wawo Agusitinyo, amene tinkamutchula kuti amake Tereza. Anali mtengwa pakhomo pawo, wamng'ono kwa ine, ndipo mwamuna wake anali ku Tete kuntchito. Anali akusankha fodya m'chigafa kuyambira m'mawa, fumbi lake n'kumutseka. Apongozi ake aakazi anali kumaliro kutali, choncho panalibe mayi womuperekeza. Anatsika yekha, akugwira thayala, nalowa chokwawa. Kulira kwa chifuwa chake ndinakumva ndili pakhonde.

Ndinamuuza akhale pa benchi, ndipo anakhala. Ndinayamba kumuuza za mapazi ndi manja. Koma a Pulofesolo atamanga ng'ombe analowa, ndipo atangoponda pakhomo mayiyo anatsetsereka pa benchi paja, nakwawira pakona, natembenukira kukhoma. Anapinda thupi lonse, mutu pamawondo, nakoka chitenje kuphimba kukamwa. Inu ana a masiku ano mwina simungamvetse. Mtengwa sakhala pampando apongozi aamuna ali chilili. Sawayang'ana, sawaonetsa kukamwa, sawalankhula mwachindunji. Kubwera nawo m'ngolo imodzi kunali kale chinthu chachikulu. Mayiyo ankachita zimene anamulangiza, ndipo zimenezo zinali kumupha.

"Namwino ali kuti?" anafunsa a Pulofesolo.

"Apita ku Furancungo, a Pulofesolo. Abwera masana."

"Mupatse mankhwala."

"Atha. Ndi amene apita kukatengawo."

"Ndiye ukuyang'ana chiyani? Yala mphasa, wodwala agone."

Apa ndiyenera kulemba zoona ngakhale zimandichititsa manyazi mpaka lero. Ndinayala mphasa. Ndinkadziwa bwino lomwe kuti wobanika sagonekedwa, mawu a Dona ankamveka m'mutu mwanga, koma manja anga anamvera mawu amene anawazolowera. Amake Tereza anagona chammbali, nkhope kukhoma. Sipanapite nthawi, kulira kuja kunasintha. Kunayamba kuchepa, kukhala kosongoka, ndipo pakati pa mpweya ndi mpweya panayamba kukhala kampata. Ndinazungulira ndi kusuzumira. Milomo yake inali itayamba kuda, thukuta lili pamphumi, zala zikukanda mphasa. Anandiyang'ana kamodzi. Sindinaonepo mantha otero pankhope ya munthu, ndipo anga anali ofanana nawo.

Ndinagwada pafupi ndi a Pulofesolo, ndikuyang'ana nsapato zawo. "Pepani, a Pulofesolo. A Dona anati wotere azikhala tsonga pa benchi. Koma sangakhale inu muli muno."

"Ukuti chiyani? Kweza mawu."

"Ndimati mwina mukanakhala panja pang'ono."

"Mwana wanga ali ku Tete," anatero, mawu ali pansipansi. "Anandisiyira mkazi wake. Ndimusiye m'chipinda ndi mnyamata wosakwatira, namwino kulibe? Mawa anthu adzati chiyani za iye? Adzati chiyani za iwe? Ndikuteteza nonse awiri. Gwira ntchito yako ine ndili pompano."

Sankanama. M'mudzi mwathu nkhani yotero ikanatha kuthetsa banja, ndipo ine ikanandichotsetsa ntchito tsiku lomwelo. Ndinakhala chigwadire. Ndinaganiza za kalata ija, za amayi anga amene ankadalira ine, za nkhope ya a Pulofesolo akulowa mu ofesi ku Furancungo. Kenako kumbuyo kwanga mpweya wa mayi uja unaima. Ndinawerenga mumtima: um, dois, três. Unabweranso pa quatro, ndi kaphokoso ngati ka chitseko chadzimbiri.

Sindikudziwa kuti ndinaimirira bwanji. Ndikukumbuka kuti ndinadziuza kuti senza ndowa. Khosi linatalika, ndipo kwa nthawi yoyamba m'moyo wanga ndinaona kuti a Pulofesolo anali ndi kachipsera pamwamba pa diso lamanzere.

"A Pulofesolo, tulukani."

Sanasunthe, ndipo ndinapitiriza.

"Muno ndi mwa boma, ndipo lero kiyi ali ndi ine. Chitseko ndichisiya chotsegula. Wodwala sindimukhudza. Koma inu tulukani, chifukwa mukakhala muno mubwerera ndi maliro m'ngolomo."

Mawu anga ankanjenjemera ngati a mwana, koma anatuluka onse. A Pulofesolo anandiyang'ana nthawi yaitali. Ndinkadikira khofi. M'malo mwake anatola chipewa chawo, natuluka, nakhala pa sitepe ya khonde atafulatira chitseko, nkhope kubwalo.

Ndinakokera benchi pakati pa chipinda, poonekera kuchokera panja. "Amake Tereza, dzukani mukhale apa." Anadzuka movutika, nagwira benchi, koma ataona msana wa apongozi ake pakhomo anakhalanso pansi, nawerama. Ndinapinda chiguduli, n'kumukankhira ndi phazi. "Chabwino, khalani pamenepa, kumapeto kwake. Miyendo itambasuleni. Chotsani nsalu kukamwa." Anakhalapo, koma nsalu sanachotse, ndipo msana unali chipindikire. Ndinakhala pansi moyang'anana naye, patali ndithu, kuti aone mmene ndakhalira. Ndinayamba kuwerenga, koma mawu anga sankamveka ngakhale kwa ine mwini. Ndinaona kuti ndachita mwano waukulu pachabe, ndipo mayiyu afa ndithu, ine n'kutsala ndi zonse ziwiri.

Pamenepo a Pulofesolo analankhula. Sanatembenuke. Analankhula kwa ng'ombe zawo, kapena kwa mtengo wa pabwalo, ndi mawu aja a m'kalasi.

"Wina auze amake Tereza kuti pano palibe apongozi. Apongozi awo atsala kumudzi, akusankha fodya. Pakhonde pano pali woyendetsa ngolo basi. Achite zimene wa chipatala akunena."

Dzanja la mayi uja linatsika, nsalu inagwera pamiyendo.

"Senzani ndowa," ndinatero. "Yodzaza, ya kudambo. Madzi asatayike."

Zimene ine zinanditengera milungu, iye anazichita nthawi yomweyo, pakuti anali atasenza madzi kuyambira ali kamtsikana. Msana unawongoka kuchokera m'chiuno, khosi linaima, mapewa anatsika pang'ono. Ndinamuuza aike manja pamawondo, atsamire kutsogolo pang'ono chabe, atulutse mpweya ngati akuuzira phala la mwana. Sankatha kufika pa quatro. Tinayamba ndi dois. Ndinkawerenga, mawu n'kumandithawa, ndipo nditasokoneza kachiwiri ndinamva kuchokera pakhonde: "Um. Dois. Um. Dois. Três." Anali mawu omwe aja amene tinkawerengera nawo timitengo pansi pa mtengo, osathamanga, osanjenjemera. Ine ndinasiya kuwerenga, ndinkangokweza ndi kutsitsa dzanja, ndi kunena kuti "mapewa" akayamba kukwera, kapena "ndowa" msana ukayamba kugwa.

Musaganize kuti anachira. Chifuwa chinkalirabe, ndipo kawiri konse mutu wake unagwera kutsogolo, ine n'kuganiza kuti zatha. Koma milomo sinapitirire kuda. Tinakhala choncho dzuwa lili pamutu mpaka mthunzi wa khonde unafika pa ngolo. Miyendo yanga inachita dzanzi. Mawu a Pulofesolo anasasa, koma sanasiye, ndipo sanacheuke ngakhale kamodzi. Anthu ena obwera ndi zilonda anaima patali pabwalo, akuonerera mphunzitsi wawo akuwerengera ng'ombe.

Mota itamveka kumsewu ndinafuna kulira. A Dona analowa ndi fumbi lawo, anayang'ana kamodzi, nang'amba bokosi ndi lumo. Atabaya jakisoni, tinadikira, ndipo pang'onopang'ono kamwana ka mphaka kaja kanatonthola. A Dona anandiyang'ana nati, "Wamukhazika ndiwe?" Ndinavomera. "Nanga bambo ali panjawo wawakhazika ndani?" Ndinapita kuseri kukasanza.

Miyezi itatu yotsatira

Amake Tereza anagona pa posito masiku awiri, apongozi ake aakazi akumudikirira, kenako anapita kwawo akuyenda yekha. Koma a Pulofesolo sanandilankhulenso. Lamulungu kutchalitchi ndinapita kukawapatsa moni, iwo anayang'ana kumbali. Nkhani inali itafala kuti Venansio anathamangitsa mphunzitsi wake ngati nkhuku. Amayi anga analira, nati ndipite ndi tambala kukapepesa. Ndinapita, ndipo anandiuza kuti bambo kulibe, ine ndikuona njinga yawo itatsamira nkhokwe. Tambalayo ndinabwerera naye.

Masiku amenewo ndinaonda. Mota iliyonse yochokera ku Furancungo ndinkaiona ngati yabweretsa kalata yondichotsa. A Dona ankati analemba zonse m'buku ndipo palibe angandikhudze, koma iwo anali obwera, sankadziwa kulemera kwa dzina la a Pulofesolo kwathu. Chimene chinkandivutitsa kwambiri sichinali kuwatulutsa kuja ayi. Inali mphasa ija. Ndinkadzifunsa kuti mpweya uja ukanapanda kubwerera pa quatro, ndikanauza chiyani Tereza atakula.

Kalata inabweradi. Sinali yondichotsa. Inali yondisamutsira ku Tsangano, ku chipatala chokulirapo, kumene ndinakagwira ntchito zaka zambiri, kumene ndinakumana ndi mayi anu. Ngati a Pulofesolo anaikapo dzanja, pondilanga kapena pondikweza, sindinadziwe, ndipo sindinafunse.

Tsiku lonyamuka ndinaima pamsewu ndi kasutikesi kanga kudikira galimoto. Ndinaona munthu wamtali akubwera akukankha njinga. Thupi langa linayamba lokha kutsika kuti ligwade.

"Imirira," anatero. "Unandithamangitsa uli chilili. Usanditsanzike chogwada, ungandisokoneze."

Ndinaimirira. Sindinadziwe koyang'ana, ndiye ndinayang'ana kachipsera kaja.

"Amake Tereza akuti amakhala pa chiguduli m'mawa uliwonse. M'chigafa ndawaletsa kulowa." Anayamba kukonza belu la njinga limene silinawonongeke. "Ku Tsangano kumazizira kuposa kuno. A zifuwa ukawapeza ambiri."

"Inde, a Pulofesolo."

"Ukamakawawerengera uzikakweza mawu. Zija unkachita tsiku lija si kuwerenga. Sindinakuphunzitse choncho ine."

Anakwera njinga napita, osandigwira chanza. Sindinawaonenso, pakuti anamwalira ndili ku Tsangano, mvula itadula msewu.

Ku Tsangano ndinakhazika anthu ambiri pa benchi, ndipo ndinatulutsa panja apongozi, amuna a eni, ngakhale akuluakulu a tchalitchi. Mpaka lero ndikakhala pa chiguduli paja, msana wanga umayamba wafuna kupindika, ngati pali wamkulu waima pakhomo, ndipo ndimayenera kuuuza za ndowa. Tsono mukamamva nkhalamba ikuwerenga mokweza kuseri kwa nyumba, mpaka nkhuku kuthawa, musandiuze kuti nditsitse mawu. Ndinauzidwa kuti ndizikweza.